Galimoto Siikonda Kuzima: Kunena Chizolowezi, Mphatso ndi Maganizo Osatsimikiza m'Chingerezi

Munthu akati "galimoto iyi imakonda kuzima pachitunda," palibe amene amafunsa ngati galimotoyo ili ndi mtima woti n'kukonda kanthu. Timanenanso kuti mvula ya kuno imakonda kugwa masana, kapena kuti mwana uyu amakonda kudwala nyengo yozizira, ndipo tonse timamva kuti sikuti mwanayo amakondwera ndi chifuwa ayi, koma kuti zimamuchitikira kawirikawiri. Mneni *kukonda* amasenza akatundu awiri m'Chichewa: chikondi chenicheni ndi chizolowezi. Vuto limabuka tikamunyamula mneniyu n'kumuwolotsera ku Chingerezi momwe alili. *This car likes stalling on hills* Mngerezi amaimva ngati nthabwala. *My child likes getting sick in June* ndiye n'choopsa, chifukwa dokotala womva zimenezi akhoza kuganiza kuti mwanayo amadwala dala.

Mawu ofunika pamenepo ndi *tend to*: *this car tends to stall on hills*, *it tends to rain in the afternoon*, *he tends to fall ill in the cold season*. Mawuwa ali ndi abale ake ambiri, ndipo tingawagawe patatu: onena chizolowezi, onena mphatso yobadwa nayo, ndi onena maganizo amene mwiniwake sanawatsimikize. Koma banja lake ndi limodzi, banja la zinthu zopendekera. *Incline* anachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kupendeka, *prone* ku liwu lotanthauza kuweramira kutsogolo, moti mpaka lero *to lie prone* ndi kugona chafufumimba. Mtengo wopendekera sunagwe, koma aliyense amaona kumene ukulowera. Liwu loti *inclined* limagwira ntchito konse kutatu: *she is inclined to be late* ndi chizolowezi, *he is musically inclined* ndi mphatso, *I am inclined to agree* ndi maganizo amene sanakhazikike.

Kuchoka pa -ma- kufika pa *tend to*

Kamangidwe kake n'kosavuta: *tend*, kenako *to*, kenako mneni wosavala kalikonse. Amene amasintha ndi *tend* yekha: *he tends to forget*, *they tended to forget*. Ophunzira amalakwitsa pawiri. Ena amawonjezera *-ing* n'kunena *tends to forgetting*. Ena amalowetsa *is* patsogolo, *he is tend to forget*, poyesa kuti *tend* ndi mfotokozi ngati *prone*, pamene iye ndi mneni wodziimira payekha. Pokana pali njira ziwiri, *they tend not to reply* ndi *they don't tend to reply*. Zonse n'zolondola, koma yoyambayo imakhala bwino polemba.

Chichewa chimasiyanitsa kale "amachedwa" ndi "amakonda kuchedwa," ndipo kusiyana komweko ndi kumene kuli pakati pa *he comes late* ndi *he tends to come late*. Choyambacho chikunena ngati lamulo. Chachiwiricho chikusiya mpata wa masiku amene munthuyo amafika nthawi yabwino. Ngati pa masiku 10 wachedwa 7, *tends to* ndiye woona. N'chifukwa chake kuphatikiza *always* ndi *tend to* kumamveka ngati kutseka chitseko uku ukuchitsegula.

Mpata umenewu ndi umene umapulumutsa wolemba chimangirizo kapena lipoti. Mukalemba kuti *maize prices rise between January and March*, wowerenga wakuthwa adzakumbukira chaka chimodzi chimene mitengo sinakwere, basi chiganizo chanu chagwa. Mukalemba *maize prices tend to rise between January and March and fall after the harvest*, mwanena zoona zokhazokha. Zimodzimodzinso ponena za magulu a anthu: *young people move to town* chikusesa achinyamata onse, *young people tend to move to town* chikuvomereza kuti ena amatsala kumudzi.

Pafupi pomwepa pali dzenje lina limene ambiri amagweramo: kunena *I use to wake up at five* pofuna kunena kuti "ndimadzuka 5 koloko." Chingerezi cha masiku ano chilibe *use to* wa nthawi yatsopano. Chili ndi *used to*, amene ndi -nka- wathu ndendende: *I used to wake up at five* ndi "ndinkadzuka 5 koloko," kusonyeza kuti pano ndinasiya. Chizolowezi cha lero ndi *I usually wake up at five*. Palinso wachitatu wofanana nawo nkhope, *I am used to waking up at five*, kutanthauza "ndinazolowera kudzuka," ndipo ameneyu yekha ndiye amafuna *-ing*.

*Prone to* ndi wa zoipa. Nsanje ndi Chikwawa ndi maboma amene madzi amakonda kusefukira, ndiye *the Lower Shire is prone to flooding*. Munthu wodwaladwala mutu ali *prone to headaches*, wokokomeza nkhani ali *prone to exaggeration*. Pambuyo pake pamabwera dzina kapena mneni wa *-ing* kawirikawiri, ngakhale *prone to exaggerate* amamvekanso. Simunganene kuti mwana ali *prone to passing exams* pokhapokha ngati mukuseka. Liwuli limathanso kumamatira kumapeto kwa dzina: *flood-prone districts*, *drought-prone areas*, *an accident-prone child*. Owerenga malipoti a za ngozi zogwa mwadzidzidzi amakumana nalo tsamba lililonse.

M'bale wake, *susceptible to*, akunena za kusowa chitetezo osati za kuchuluka kwa nthawi zimene chinthu chimachitika. Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga chofewa chimafumbwa msanga kuposa chamakolo cholimba chija. M'Chingerezi ndi *soft maize is more susceptible to weevils*. Anankafumbwe akapanda kufika m'nkhokwemo, chimangacho chikadali *susceptible* ngakhale sichinafumbwe.

*Liable to* ndi wofunika kumusamala chifukwa ali ndi nkhope ziwiri. Pa nkhani wamba amachenjeza: *the bridge is liable to collapse*, mlathowo ukhoza kugwa nthawi iliyonse. Pa zamalamulo amanena za mlandu: *liable to a fine* ndi woyenera kulipitsidwa chindapusa, *liable for the damage* ndi amene adzalipire zowonongeka. Mperekezi akasintha, tanthauzo lasintha. Ndipo popeza lilime lathu silisiyanitsa kwenikweni *l* ndi *r*, tcherani khutu kuti *liable* asakusokonezeni ndi *reliable*, wodalirika. *Apt to* ndi *given to* mudzawapeza m'zolemba kuposa pakamwa. Kuwazindikira n'kokwanira.

Cholakwika chimene chazika mizu kwambiri m'makalata a kuofesi ndi *a tendency of coming late*. Zolondola ndi *a tendency to come late*. Amene amatenga *of* ndi *habit*: *a habit of coming late*. Awiriwa amabwerekana zovala m'mutu mwa wophunzira chifukwa onse timawamasulira kuti chizolowezi. Pomwe mukufuna kudandaula, monga timachitira ndi -ngo- ponena kuti "amangokhalira kubwereka tchaja changa," Chingerezi chimatenga *always* n'kumuphatikiza ndi *-ing*: *he is always borrowing my charger*. "Foni iyi ikungozima" ndi *this phone keeps switching off*.

Mphatso si luso

Luso munthu amalipeza pophunzira ndi kubwerezabwereza, ndipo limenelo ndi *skill*. Mphatso ndi ija timati anabadwa nayo. Mawu a gulu lachiwirili onse akunena za mphatso, koma salemera mofanana.

*Talent* ndi *gift* ndi akuluakulu. Liwu loti *talent* poyamba linali muyeso wa kulemera ndi wa ndalama kwa Agiriki, ndipo tanthauzo la mphatso linakula kuchokera ku fanizo la matalente la pa Mateyu 25. *Gift* amamveka wakuya pang'ono, ngati chinthu chochita kupatsidwa: *she has a gift for languages*. *Aptitude* ndi wa kusukulu ndi kuntchito, ndipo amanena za kuthekera kumene kulipo munthu asanaphunzitsidwe. N'chifukwa chake olemba anthu ntchito amapereka *aptitude test*: sakufunsa zimene munaloweza, akufuna aone ngati mutu wanu ungagwire manambala kapena malangizo msanga. Musamusokoneze ndi *attitude*, amene ndi kaonedwe ka zinthu ndi mtima umene munthu amagwirira ntchito. Kalata yoyamikira wophunzira yonena kuti *he has a good attitude for mathematics* yaphonya mawu onse awiri.

*Knack* ndi wamng'ono, wa m'manja, wa tsiku ndi tsiku. Chilembo *k* choyambirira sichitchulidwa, monga mu *knee* ndi *knife*, ndiye amamveka ngati "nak." Makaniko amene amangomvera kulira kwa injini n'kudziwa pamene pavuta *has a knack for finding faults*. Mayi amene amagwetsa mtengo pamsika mosakhumudwitsa wogulitsa *has a knack for bargaining*. Liwuli lili ndi mbali ina yothandiza: *there's a knack to it* ndi kunena kuti pali kachitidwe kake, monga chitseko chimene chimatseguka ukachinyamula pang'ono, ndipo *you'll soon get the knack of it* ndi "muzolowera posachedwa." Limalolanso chipongwe. *He has a knack for saying the wrong thing* sikuyamikira. Ndi munthu uja sasowa chonena cholakwika pamaliro. Apa mphatso yasanduka chizolowezi, umboni winanso woti magulu aja ndi apachibale.

*Flair* ndi wa zokongoletsa ndi kachitidwe kokopa maso. Telala amene amadziwa chitenje chogwirizana ndi thupi la munthu *has a flair for design*. Liwuli linachokera ku Chifalansa, kumene limanena za kununkhiza kwa galu wosaka. Polemba samalani, chifukwa *flare*, lawi la moto, amatchulidwa chimodzimodzi.

Chimene chimagwirizanitsa *talent*, *gift*, *aptitude*, *knack* ndi *flair* ndi tinthu tiwiri tating'ono: *a* (kapena *an* pa *aptitude*) patsogolo ndi *for* pambuyo, kenako dzina kapena mneni wa *-ing*. Chichewa chilibe *a* ndi *the*, ndiye khutu lathu silimva kuti pasowa kanthu mu *she has knack for sewing*, pamene kwa mwini chilankhulo chiganizocho chikutsimphina. Mungathe kunena *she has talent* popanda *a* ngati simukutchula mphatsoyo, koma mukangoitchula, *a* wabwerera: *she has a talent for sewing*. Mfotokozi wamba *good* yekha ndiye amatenga *at*: *good at maths*, osati *good in maths*, ngakhale ku America mungamve *in* ponena za phunziro la m'kalasi. Ponena za anthu, ziweto ndi zida, amatenga *with*: *good with children*, *good with his hands*.

Ziwalo za thupi nazo zimalowa m'nkhaniyi, ndipo apa m'pamene kumasulira liwu ndi liwu kumapweteka. Ife timati munthu ali ndi dzanja labwino ngati chilichonse chimene wabzala chimamera. *He has a good hand* sichinena zimenezo. Womva angaganize za kalembedwe kapena za makadi a juga. Ku Britain mlimi wotere *has green fingers*, ku America *has a green thumb*. Woimba kwaya amene amagwira nyimbo akangoimva kamodzi *has an ear for music*. Wowerengera ndalama amene saphonya kadontho *has an eye for detail* komanso *a head for figures*. Mtolankhani wonunkhiza nkhani *has a nose for a story*. Onani kuti ndi khutu limodzi ndi diso limodzi: *an ear*, *an eye*. Mukati *she has eyes for him* mwalowa nkhani ya chibwenzi.

Otsalawo ndi osavuta chifukwa Chichewa chili ndi anzawo. "Anabadwira uphunzitsi" ndi *she is a born teacher*. "N'zakumtundu" ndi *it runs in the family*, ndipo monga kwathu kuno, amanenera mphatso ndi matenda omwe. *She's a natural* ndi munthu amene wagwira chinthu koyamba koma ngati anayamba kale. *He has a way with children* ndi amene ana amamumvera popanda kukalipa. *Cut out for* amakonda kubwera mokana, ndipo ndi njira yofewa youzira munthu kuti ntchito si yake: *I don't think he is cut out for nursing*.

Pofunsidwa mafunso olowera ntchito mawu awa amafuna nzeru. Kudzitama n'konyansa kwathu, ndipo kwa Angerezi nakonso *I am very gifted* amakweza zikope. Koma kungoti *I just try* ngati mmene tinganenere kuti "timangoyesera" kumakutayitsani mwayi, chifukwa wofunsayo amakhulupirira zomwe mwanenazo. Njira yapakati ndi kutenga liwu laling'ono, kulifewetsa, kenako kupereka umboni: *I seem to have a knack for calming angry customers, at my last job the difficult calls were passed to me*. Kapena *I tend to pick up new software quickly*. Mphatso mwainena, koma mwaipendeketsa.

Ulemu umene unabisala m'aneni

Chichewa chimaika ulemu pa munthu amene ukulankhula naye. Ukati "inu" m'malo mwa "iwe," "abwera" m'malo mwa "wabwera," ntchito yaikulu yatheka. Chingerezi nachonso chinali ndi zimenezi kale: *thou* anali iwe, *you* anali inu. M'zaka za m'ma 1600 *thou* anazimiririka pakamwa pa anthu ambiri, aliyense n'kukhala *you*, mfumu ndi mwana yemwe. Lero mbali yaikulu ya ulemu imamveka m'kafewetsedwe ka chiganizo. Ichi n'chifukwa chake *you are wrong, sir* amakhalabe mwano ngakhale muli *sir*, pamene *I'm not sure that's right* ndi waulemu popanda *sir* aliyense.

Akatswiri a zilankhulo amatcha mawu ofewetsawa *hedges*, dzina limene linatchuka ndi nkhani imene George Lakoff wa ku America analemba mu 1972. *Hedge* ndi mpanda wa mitengo yobzala, ndipo fanizolo n'loyenera: mawuwa amatchinga wolankhula kuti asagwidwe ndi mawu ake omwe. Si chizindikiro cha mantha kapena umbuli. James Watson ndi Francis Crick polengeza kapangidwe ka DNA (kanthu ka m'thupi kamene kamasunga zachibadwa) m'magazini ya Nature mu Epulo 1953 anayamba ndi mawu oti *we wish to suggest a structure*. Anangoti akupereka ganizo, pa ntchito imene inawapatsa mphoto ya Nobel mu 1962.

"Ndikuona ngati" wathu ali ndi anzake angapo. *It seems to me that* ndi *I'd say* ndi apakatikati, oyenera paliponse. *I tend to think* ndi *I'm inclined to think* akuonetsa kuti mwaganizira mbali zonse ndipo mwapendekera kwina, koma mukhoza kubwerera wina atakupatsani mfundo. *As far as I can tell* ndi "mmene ndikuonera ine," kuvomereza kuti mwina pali zina zimene simunazione. *I guess*, wokondedwa ku America, ndi *I reckon*, womveka ku Britain ndi ku Australia, ndi a pocheza. Musawalembe m'chimangirizo. *I suppose so* ndi kuvomera monyinyirika, "chabwino, nanga n'kutani." Bwana akayankha pempho lanu la tchuthi ndi *I suppose so*, wakulolani koma sanakondwe.

*According to me* mulekeni. *According to* ndi wa munthu wina kapena chikalata: *according to the report*, *according to the nurse*. Maganizo anu ndi *in my view* kapena *in my opinion*.

Pali aneni atatu amene Chichewa chimatisokoneza nawo kwambiri. Tsinde la -kayik- limagwira ntchito mbali ziwiri: "ndikumukayikira kuti ndiye waba" ndi "ndikukayika ngati abwere." Chingerezi chimazilekanitsa, ndipo matanthauzo ake ndi otsutsana. *I suspect he took it* ndi kuganiza kuti anatengadi. *I doubt he took it* ndi kuganiza kuti sanatenge. Wopereka umboni akasinthanitsa awiriwa wamasula wakuba kapena wamangitsa wosalakwa. *Suspect* sali wa milandu yokha: *I suspect the battery is flat* ndi njira yabwino yonenera chimene mukuganiza kuti chavuta musanayeze. Wachitatu ndi *hope*. Popeza "ndikukhulupirira kuti" timamunenera zonse, zoyembekezera ndi zongoganiza, ena amati *I hope it is malaria* pofuna kunena kuti akuganiza kuti ndi malungo. *Hope* ndi kufunira. Chiganizocho chikuti mukulakalaka atakhala malungo.

Mneni -khoza nayenso ndi msampha. "Mvula ikhoza kugwa mawa" sikuti *it can rain tomorrow*. Ponena za chinthu chimodzi chimene mwina chichitika, Chingerezi chimafuna *may*, *might* kapena *could*. *Can* ndi wa zimene zimatheka nthawi zina mwachibadwa: *it can get very cold in Dedza in July*. Mukawonjezera *well*, mwakweza mwayi: *it may well rain* ndi kunena kuti kugwa n'kumene kukuoneka. Pokana, *may not* ndi "mwina ayi" pamene *cannot* ndi "n'zosatheka," ndiye *he may not be at home* ndi *he can't be at home* zatalikirana ngati Chitipa ndi Nsanje. Polemba, *maybe* wophatikiza ndi muonjezi, "mwina," pamene *may be* wolekanitsa ndi aneni awiri: *maybe he is ill*, koma *he may be ill*.

Kakanidwe nakonso kali ndi malo ake. Ife timati "ndikuganiza kuti sabwera," kukana kuli kumapeto. Mngerezi amakokera kukanako kutsogolo: *I don't think he will come*. *I think he won't come* si cholakwika pa malamulo, koma chimamveka cholimba ndi chachilendo. Nthawi yakale nayo imafewetsa: *I was wondering if we could start later* sakunena za dzulo, akupempha panopa, monga timachitira ponena kuti "ndimati ndipemphe nawo."

Amene akugwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba ku Britain amafunika kumva mawuwa mbali inayo, akamalankhulidwa kwa iwo. Kumeneko kufewetsa kumafika poti lamulo limavala malaya a ganizo. *You might want to check that chart again* si kukupatsani ufulu wosankha. Pitani mukaonenso. *I'm not sure I agree* ndi "sindikugwirizana nazo." *I would have thought it was cheaper by bus* ndi kukutsutsani mwaulemu. *Quite* ndiye wachinyengo: ndi mfotokozi wa zinthu zokhala ndi milingo, monga *quite good*, Mngerezi amatanthauza "n'zabwinoko ndithu koma osati kwambiri," pamene *quite right* ndi *quite impossible* akutanthauza kotheratu. Kwa Mmereka *quite good* ndi kuyamikira kwenikweni.

M'zolemba za sukulu ya ukachenjede aneni amaima pa makwerero. *Suggest* ali pansi, *indicate* pamwamba pake, *show* pamwamba pa ameneyo, *prove* pansonga. Kafukufuku wa m'midzi itatu *suggests*, sangachite *prove*. *Seem to* ndi *appear to* amafewetsa mneni aliyense, ndipo *arguably* amanena kuti mfundoyo ili ndi poimira ngakhale ena angaitsutse. Mabungwe ena anafika poika manambala pa mawuwa. Bungwe la IPCC, loona za kusintha kwa nyengo pansi pa United Nations, likalemba *likely* limatanthauza mwayi wa magawo 66 pa 100 kapena kuposa, *very likely* ndi 90, *virtually certain* ndi 99, ndipo *unlikely* ndi wosapitirira 33. Pocheza palibe amene amawerengera chonchi, koma makwererowo ndi omwewo.

Mankhwala akachuluka amasanduka poizoni. *I think it might possibly seem that perhaps* ndi chiganizo cha munthu wopanda chonena. Mfundo imodzi imafuna chofewetsa chimodzi, zikachuluka ziwiri. Zinthu zodziwika sizifewetsedwa: *Lilongwe seems to be the capital* n'zoseketsa. Ndipo pali malo amene kufewetsa kumapha. Namwino woitana dokotala wodwala akutaya magazi sanena *I was wondering if he might be bleeding*. Amati *he is bleeding, please come now*.

Kaphunziridwe kake

Mawu ambiri m'nkhani ino amalakwika pa kamchira kawo, osati pa tanthauzo lokha. Choncho musalembe *knack* yekha m'kope n'kuika "luso" pambali. Lembani mtolo wonse, *have a knack for doing something*, ndi chiganizo chimodzi chonena za munthu amene mumamudziwa. Madikishonale a ophunzira a Oxford, Cambridge ndi Longman, amene ali pa intaneti mwaulere, amaonetsa mitolo imeneyi pansi pa liwu lililonse, komanso ali ndi pokanikiza kuti mumve katchulidwe.

Makadi amathandiza ngati mwawalemba mbali yoyenera. Kutsogolo ikani chiganizo cha Chichewa chokhala ndi msampha, monga "agogo amakonda kuiwala mayina" kapena "ndikukayika ngati basi ifike lero." Kumbuyo ikani Chingerezi chake. Mukayamba ndi Chingerezi mumangozindikira mawu, pamene chimene chimavuta pakamwa ndi kuwatulutsa. Mitolo 5 kapena 6 pa sabata ndi yokwanira. Ibwerezeni tsiku lotsatira, pakatha masiku 3, pakatha sabata, kenako pakatha masabata awiri. Khadi limene mwalakwitsa libwerere poyambira.

Okonzekera mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS ali ndi chifukwa china chowaphunzirira. Gawo lachiwiri la kulemba limafuna mawu osachepera 250 pa mphindi pafupifupi 40, ndipo kasankhidwe ka mawu ndi chimodzi mwa zinthu zinayi zimene amachongera mofanana. Gawo lachitatu la kulankhula, la mphindi 4 mpaka 5, ndi mafunso a maganizo okhaokha: chifukwa chiyani anthu amachita zakuti, kodi mphatso imaposa khama. Woyankha ndi *all people* ndi *always* amatha mawu msanga, chifukwa chiganizo chotseka sichisiya poti n'kupitiriza. Woyamba ndi *people tend to* ali kale ndi chiganizo chachiwiri m'manja, choyamba ndi *although some*.

Zoyeserera zake n'zotere. Tengani ndime yolimba, monga *Boys are better at science. Girls fail because they are shy. This proves that mixed schools are bad.* Lembani mzere pansi pa mawu alionse otseka: *are*, *fail*, *proves*. Pa lililonse dzifunseni ngati mungalumbire kuti n'zoona kwa aliyense. Ngati ayi, sankhani chofewetsa chimodzi chogwirizana ndi umboni umene muli nawo: *in some schools boys tend to score higher in science*, *girls may be less inclined to speak in class*, *this suggests that*. Mukafika pa chiganizo chachitatucho mudzapeza kuti ngakhale *suggests* akulemera kuposa umboni, chifukwa ziganizo ziwiri zoyambazo zitafewa sizikunenanso kanthu za kuipa kwa sukulu zosakaniza anyamata ndi atsikana. Pamenepo chofunika si chofewetsa china. Chiganizocho chifufutidwe.